Madontho Akuda m'Kabuku ka Franklin

Benjamin Franklin, amene nkhope yake ili pa ndalama ya madola 100 ya ku America, sukulu anangoilawa. Anabadwira ku Boston m'chaka cha 1706. Bambo ake, omwe anali ndi ana 17, ankapanga makandulo ndi sopo, ndipo pofika zaka 10 mwanayu anali atasiya kale sukulu n'kumawathandiza ntchitoyo. Ali ndi zaka 12 anamupereka kwa mkulu wake James kuti aphunzire kusindikiza mabuku ndi nyuzipepala. Awiriwa sankamwerana madzi, moti mu 1723 mnyamatayo anathawa n'kukafika ku Philadelphia m'thumba muli tindalama tochepa. Kumeneko n'kumene, ali m'zaka zake za m'ma 20 ndipo ali kale ndi malo akeake osindikizira, anadzipatsa ntchito imene anthu ambiri sangayerekeze n'komwe kuitchula pakamwa: kukhala moyo wosalakwa kanthu, tsiku lililonse, nthawi iliyonse.

Poyamba ankaona ngati n'zosavuta. Chabwino ankachidziwa, choipa ankachidziwanso. Nanga chikanamuletsa n'chiyani kuchita chabwinocho n'kusiya choipa? Sipanapite nthawi yaitali asanazindikire kuti wadzinamiza. Akati aike maso pa cholakwa ichi, china chinkamuzembera kumbuyo. Akangoiwala pang'ono, chizolowezi chakale chinkapezerapo mpata. Aliyense amene analumbirapo pa 1 Januwale kuti mowa wausiya, kapena kuti azidzuka m'mamawa kuwerenga, kenako n'kupezeka kuti pofika Febuluwale lumbirolo lazilala, akudziwa chimene Franklin anakumana nacho. Mfundo imene anaipeza ndi yakuti kukhutira mumtima kuti khalidwe labwino n'lopindulitsa sikokwanira. Zizolowezi zoipa ziyenera kuthyoledwa, zabwino n'kukhazikitsidwa m'malo mwake, ndipo zimenezo zimafuna njira yoti munthu aziitsata tsiku ndi tsiku.

Njira yakeyo anaifotokoza yekha m'buku la mbiri ya moyo wake, m'gawo limene analemba mu 1784 ku Passy, kufupi ndi Paris, ali nkhalamba ya zaka 78. Anasankha makhalidwe 13: kudziletsa pa kudya ndi kumwa, kupewa kuyankhula zopanda pake, dongosolo, kuchita chimene watsimikiza, kusawononga ndalama, khama pa ntchito, kusanyenga anthu, chilungamo, kusapyola muyeso, ukhondo, kudekha, kudzisunga ndi kudzichepetsa. Pansi pa khalidwe lililonse analembapo chiganizo chachifupi chonena pamene pali malire ake, kuti madzulo asamadzikanganitse ngati walakwa kapena ayi. Ngakhale kandandalikidwe kake anakaganizira. Kudziletsa pa kudya ndi kumwa anakuika poyamba chifukwa ankaona kuti munthu wokhuta mopyola kapena woledzera mutu wake sukhala tcheru, ndipo popanda kukhala tcheru makhalidwe ena onsewo sangawasunge.

Kenako anatenga kabuku kakang'ono, khalidwe lililonse n'kulipatsa tsamba lake. Pa tsamba lililonse anajambula mizere ndi inki yofiira: zigawo 7 zotsika, chilichonse cha tsiku limodzi la sabata, ndi mizere 13 yopingasa, uliwonse wa khalidwe limodzi. Madzulo ankaunika tsiku lonse, ndipo paliponse pamene wapunthwa ankaikapo kadontho kakuda m'kabokosi ka tsikulo ndi khalidwelo. Chizolowezi chodziunika madzulochi sanachiyambitse ndi iye. Anachitenga ku malangizo akale okhudzana ndi Pythagoras wa ku Greece. Chimene anawonjezera ndi kuwerengetsera.

Nzeru yaikulu ya kabukuka, mmene ndikuonera ine, ili pa mfundo yakuti sankalimbana ndi makhalidwe onse 13 nthawi imodzi. Sabata yoyamba mphamvu zake zonse ankaziika pa kudziletsa pa kudya ndi kumwa, kuti mzere umenewo ukhale wopanda dontho. Mizere ina ankaisiya kuti iyende mmene ingayendere, koma madontho ake ankawalembabe. Sabata yachiwiri ankawonjezera khalidwe lachiwiri, akuyesetsa kuti mizere iwiri yoyambayo ikhale yoyera, n'kumapitirira choncho mpaka kumapeto. Ulendo umodzi unkatenga masabata 13, ndipo popeza chaka chili ndi masabata 52, ankazungulira kanayi pa chaka. Khalidwe limene lamugonjetsa mu Januwale ankakumana nalonso mu Epulo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo ambiri amene amayamba moyo watsopano amagwera pomwepo: Lolemba limodzi lomwelo akufuna kusiya fodya, kuyamba kuthamanga, kusunga ndalama ndi kumaliza buku. Franklin anadzipatsa mdani mmodzi pa sabata, enawo n'kumangowayang'ana ndi diso limodzi.

M'kabukumo munalinso tsamba la ndandanda ya tsiku. Ankadzuka 5 koloko m'mawa, n'kukhala ndi maola atatu osamba, kupemphera, kukonza za tsikulo, kuphunzira ndi kudya kadzutsa. Ntchito inkayamba 8 koloko mpaka 12, kenako maola awiri a nkhomaliro, kuwerenga kapena kuona mabuku a ndalama, n'kubwereranso pa ntchito mpaka 6 koloko. Madzulo anali obwezera zinthu m'malo mwake, kudya, nyimbo, macheza ndi kuunika tsikulo, ndipo 10 koloko anali atagona. M'mawa ankadzifunsa za chabwino chimene achite tsikulo, madzulo n'kudzifunsa za chabwino chimene wachita.

Atayamba kuika madontho anadabwa kuona kuti zolakwa zake n'zambiri kuposa mmene ankaganizira. Anasangalalanso kuona zikuchepa. Koma panali vuto laling'ono limene limatiuza zambiri: pofuna kuyamba ulendo watsopano ankapala madontho akale pa pepala, ndipo m'kupita kwa nthawi masamba anadzaza ndi zibowo. M'malo motaya mtima, anasamutsira mizere yake pa timasamba ta minyanga ya njovu, mizereyo n'kuijambula ndi inki yofiira yosafufutika, madontho n'kumawalemba ndi pensulo kuti aziwapukuta ndi siponji yonyowa. Munthu ameneyu anakonzeratu chida chake podziwa kuti adzalakwa mobwerezabwereza ndipo adzafunika kuyambiranso kambirimbiri. Kulakwa anakupatsa malo m'dongosolo lomwelo.

Ofufuza a masiku ano, omwe ali ndi njira zoyesera zimene Franklin analibe, apeza kuti mbali zingapo za kabukuka zinali zolondola. Mu 2016 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Benjamin Harkin linaphatikiza zotsatira za kafukufuku 138 wokhudza anthu amene amayang'anira mmene akuyendera pa zolinga zawo. Linapeza kuti kudziyang'anira kotereku kumathandizadi kukwaniritsa cholinga, ndipo kumathandiza kwambiri munthu akamalemba zimene wachita kapena akamaziuza anthu ena. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Mtima umadziwa kudzikometsera mbiri. Munthu amene wawerenga masiku awiri okha pa sabata amatha kunena moona mtima kuti akuwerenga ndithu masiku ano, koma tsamba lokhala ndi madontho asanu silinganene zimenezo.

Katswiri wina wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anaonetsa kufunika konena mwachindunji nthawi ndi malo. Iye ndi mnzake anapempha ophunzira a ku yunivesite kuti pa tchuthi cha Khrisimasi alembe lipoti la mmene achezera, ndipo ena mwa iwo anawauza kuti asankhiretu nthawi ndi malo olembera. Amene anasankhiratuwo ndi omwe analemba pa nthawi yake mochuluka, kuposa kuwirikiza kawiri anzawo aja. Ndiye kunena kuti ndiziwerenga kwambiri n'kungofuna chabe. Kunena kuti ndikamaliza kudya madzulo ndizikhala pa tebulo n'kuwerenga masamba asanu ndiye pangano, chifukwa mbale ikangochoka patebulo, nthawiyo yokha imakukumbutsa.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti zimatenga masiku angati kuti chinthu chisanduke chizolowezi. Yankho lofala ndi masiku 21, koma nambala imeneyi inachokera kwina. Dokotala wina wa ku America wochita maopaleshoni okonza maonekedwe a thupi, Maxwell Maltz, analemba mu 1960 kuti odwala ake ankatenga masiku osachepera 21 kuti azolowere nkhope yawo yatsopano. Anthu anatola nambalayo, mawu akuti osachepera n'kuwataya, n'kuisandutsa lamulo la zizolowezi zonse. Amene anayesadi nkhaniyi ndi Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London, m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2010. Anthu 96 anasankha aliyense chinthu chimodzi choti azichita tsiku lililonse pa nthawi yofanana kwa masabata 12, monga kudya chipatso pa nkhomaliro kapena kuthamanga mphindi 15 asanadye chakudya chamadzulo, ndipo ankanena tsiku ndi tsiku ngati chinthucho chayamba kuchitika chokha popanda kuchiganizira. Mwa anthu amene zotsatira zawo zinatheka kuwerengetsera bwino, wapakatikati anatenga masiku 66. Wachangu anatenga masiku 18, pamene wochedwetsetsa mawerengero anaonetsa kuti akanafunika masiku 254. Zolimbitsa thupi zinkachedwa kukhazikika poyerekeza ndi za kudya ndi kumwa.

M'kafukufuku yemweyo muli mfundo ina imene imatchulidwa kamodzikamodzi, chikhalirecho ndi yofunika kuposa nambala 66. Kuphonya tsiku limodzi sikunasokoneze kwenikweni kukula kwa chizolowezi. Munthu akaphonya Lachitatu n'kubwereranso Lachinayi, ulendo wake unkapitirira pafupifupi pamene unalekera.

Mfundo imeneyi tiisunge pamene tikuyang'ana mapulogalamu odzisintha amene afala pa intaneti zaka zaposachedwapa. Imodzi mwa otchuka ndi 75 Hard, imene wamalonda wa ku America Andy Frisella anaiyambitsa mu 2019. Kwa masiku 75 munthu amayenera kuchita masewera olimbitsa thupi kawiri pa tsiku, mphindi 45 ulendo uliwonse, ulendo umodzi uli wa panja kaya kugwe mvula. Amayeneranso kutsata ndondomeko ya kadyedwe imene wasankha popanda kuiphwanya ndiponso popanda mowa. Komanso amayenera kumwa madzi pafupifupi malita 3.8, kuwerenga masamba 10 a buku lophunzitsa, ndi kudzijambula chithunzi. Akaphonya chimodzi mwa izi, ngakhale pa tsiku la 70, amabwerera ku tsiku loyamba.

Pali zabwino mu pulogalamu imeneyi ndipo sindikufuna kuzinyoza. Malamulo ake ndi omveka, moti palibe kukambirana ndi mtima madzulo. Ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo munthu amapirira mosavuta akamaona mapeto. Amene aimaliza amanena kuti aphunzira kusunga mawu awo ngakhale thupi likukana, ndipo phunziro limenelo ndi lamtengo wapatali. Koma zinthu ziwiri zimandidetsa nkhawa. Choyamba n'chakuti muyeso wake ndi umodzi kwa aliyense: madzi ochuluka chomwecho sioyenera thupi lililonse, makamaka la munthu wa vuto la impso kapena mtima, ndipo masewera kawiri pa tsiku kwa masiku 75 popanda tsiku lopuma akhoza kuvulaza munthu amene sanazolowere. Chachiwiri, chimene chili chachikulu, ndi lamulo lobwerera ku tsiku loyamba lija. Lamuloli limauza munthu kuti masiku 69 a khama afafanizika chifukwa cha tsiku limodzi, pamene kafukufuku wa Lally akuonetsa kuti kuphonya tsiku limodzi sikufafaniza chizolowezi.

Kuopsa kwa maganizo akuti ndikaphonya kamodzi zonse zapita kunaoneka bwino mu 1975, pamene C. Peter Herman ndi Deborah Mack anayesa atsikana a pa koleji. Ena anawamwetsa kaye chakumwa cha mkaka chotsekemera kwambiri, kenako onse n'kuwapatsa ayisikilimu woti alawe mmene angafunire. Amene sankadziletsa pa kadyedwe, atamwa chakumwacho anadya ayisikilimu wochepa, monga mmene munthu wokhuta amachitira. Koma amene ankadziletsa pofuna kuchepetsa thupi anachita zosiyana: atamwa chakumwacho anadya wambiri kuposa anzawo odziletsa amene sanamwe. Lamulo linali litasweka kale, ndiye mumtima munali mawu amene tonse timawadziwa, akuti basi zawonongeka kale, ndingodya, ndidzayamba mawa. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi zimene amadziuza ataphonya, kuposa kuphonyako.

Zipembedzo zinaizindikira kale nkhani imeneyi. Msilamu amene wadwala kapena ali pa ulendo m'mwezi wa Ramadan sauzidwa kuti ayambirenso mwezi wonse. Amawerenga masiku amene waphonya n'kudzawabweza pambuyo pake. Tsiku lophonyedwalo silibisidwa ndipo silinyalanyazidwa. Ndi ngongole yodziwika kukula kwake. Kabuku ka Franklin kanali ndi mzimu womwewo. Dontho linkalembedwa poonekera, ndipo m'mawa mwake kabokosi katsopano kanali kakudikira. Amene akufuna kuyesa njirayi safunika zambiri: kope, rula, pensulo ndi mphindi zisanu asanagone. Safunikanso makhalidwe 13. Atatu kapena anayi olembedwa momveka, limodzi pa sabata, ndi okwanira poyambira.

Wina angaganize kuti kulola madontho n'kudzinyengerera. Franklin ankaliona dzenje limeneli, ndipo linamuyandikira kwambiri pa khalidwe la dongosolo. Ndandanda yake ya maola inali yotheka kwa wantchito amene nthawi yake ili m'manja mwake, koma iye anali mwini bizinesi, wolandira makasitomala pa nthawi imene iwo afuna. Kuika mapepala ndi zinthu m'malo mwake kunkamuvutanso, chifukwa ali mnyamata anali ndi mutu wosaiwala ndipo sankaona vuto la kumwazika kwa zinthu. Madontho a mzere umenewo anamutopetsa mpaka anatsala pang'ono kuusiya. Pofotokoza zimenezi anasimba za munthu amene anagula nkhwangwa kwa wosula zitsulo n'kufuna kuti yonse iwale ngati kukamwa kwake. Wosulayo anavomera, bola wogulayo azipukusa yekha mwala wonolera. Anapukusa, wosula akukanikiza nkhwangwa mwamphamvu, mpaka manja analema. Atayang'ana anaona kuti yangochita mawangamawanga, ndipo wosula atamuuza kuti apitirize, iye anayankha kuti waganiza bwino, nkhwangwa ya mawanga ndiyo imamusangalatsa.

Nthanoyi Franklin sanaisimbe poyamikira wogulayo. Ankaonetsa mmene munthu wotopa amasandutsira kulephera kwake kukhala chosankha, ndipo anavomereza kuti mawu otero ankamunong'oneza iyenso, atavala ngati nzeru. Apa m'pamene pali kusiyana pakati pa kulola dontho ndi kukonda mawanga. Wolola dontho amati ndaphonya, n'kulemba, mawa n'kubwerera pa mwala wonolera. Wokonda mawanga amasintha cholinga kuti chifanane ndi pamene walekera. Pa dongosolo Franklin sanapambane mpaka ukalamba, ndipo atayamba kuiwalaiwala anamva kuwawa kwa kusowa kwake. Komabe ananena kuti ngakhale ungwiro sanaufike n'pang'ono pomwe, kuyesako kunamupanga kukhala munthu wabwinoko ndi wosangalala kuposa mmene akanakhalira. M'kupita kwa zaka anachepetsa maulendo ake kufika umodzi pa chaka, kenako umodzi pa zaka zingapo, mpaka ntchito ndi maulendo a kunja zinamusiyitsiratu, koma kabukuko ankayenda nako kulikonse.

Pali malire amodzi a njira imeneyi amene pensulo ndi siponji sizingawathetse: woimbidwa mlandu ndi woweruza ndi munthu mmodzi. Mndandanda wa Franklin poyamba unali ndi makhalidwe 12 okha. Mnzake wina wa mpingo wa Quaker ndiye anamuuza mosabisa kuti anthu amamuona ngati wonyada, kuti pokambirana sakhutira ndi kungokhala wolondola koma amapondereza anzake, ndipo anamupatsa zitsanzo. M'pamene kudzichepetsa kunalowa pa nambala 13. Franklin anasiya kutsutsa anthu mwachindunji, anasiya mawu osonyeza kuti zimene akunena n'zosakayikitsa, n'kuyamba kunena kuti mmene akuonera iye zili motere. Lamulo lotere linalipo kale m'kagulu ka zokambirana ka Junto kamene anayambitsa mu 1727, ndipo tsopano analitengera m'moyo wake wonse. Anaona kuti anthu ayamba kulandira maganizo ake mosavuta, ngakhale anavomereza kuti chimene anachipeza kwambiri chinali maonekedwe a kudzichepetsa, kunyada kwenikweniko kukadali moyo mkati. Cholakwa chimene tauni yonse inkachiona, mwiniwake wa kabuku kounika zolakwa sanachione mpaka mnzake atamuuza. N'chifukwa chake mndandanda wotere ndi bwino kuuonetsa kwa munthu amene amakudziwa ndipo sakuopa, n'kumufunsa chimene chikusowapo.

Chinanso chimene kabukuko sikanaone ndi cholemera kwambiri. Mzere wa chilungamo unalimo kuyambira pachiyambi, koma kwa zaka zambiri Franklin anali ndi akapolo m'nyumba mwake, ndipo nyuzipepala yake ya Pennsylvania Gazette inkasindikiza zotsatsa malonda a akapolo ndi zofunafuna amene athawa. M'nkhani yake yonse ya madontho, za anthu amenewa sakuzitchula. Anthu ambiri omuzungulira sankaziona ngati mlandu, ndipo munthu amaika dontho pa chokhacho chimene iye akuchitcha cholakwa. Maganizo ake anasintha pang'onopang'ono, ndipo chimene chinawasintha chinachokera kunja kwa kabukuko. Mu 1763 anakayendera sukulu ya ana akuda ku Philadelphia, n'kulemba m'kalata kuti anawo amamva ndi kusunga zinthu m'mutu mofanana ndi ana a azungu, zimene zinagwedeza tsankho limene anali nalo. Ankadziwananso ndi anthu a mpingo wa Quaker olimbana ndi ukapolo, monga Anthony Benezet. Mu 1787 anakhala pulezidenti wa bungwe la ku Pennsylvania lolimbikitsa kuthetsa ukapolo, ndipo mu Febuluwale 1790 anasaina chikalata cha bungwelo chopempha nyumba ya malamulo ya dzikolo kuti ichitepo kanthu. Aphungu anakangana kwambiri, mapeto ake n'kunena kuti alibe mphamvu yolowerera pa ukapolo wa m'maboma. Franklin anamwalira pa 17 Epulo chaka chomwecho ali ndi zaka 84, ndipo ukapolo unathetsedwa m'dziko lonse la America mu 1865.